Kukagona ndi kukadya ku hotela ya kunja kwa tauni: malangizo kwa onyamukira ku Mzuzu

Hotela imene ikukambidwa pano si ija ya m'tauni ya zipinda zambirimbiri, kumene munthu amangotulukira usiku, n'kulipira pa kauntala, n'kulandira kiyi. Ndi nyumba yaikulu, kawirikawiri yakale, imene inamangidwa kuti mukhale banja limodzi pakati pa munda wa tiyi, m'nkhalango kapena pamwamba pa phiri, ndipo pambuyo pake inasandutsidwa malo olandiriramo alendo owerengeka. Mchitidwe umenewu unakula ku Britain nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene mabanja ambiri analephera kusamala nyumba zikuluzikulu zimene makolo awo anasiya kumidzi. Sharrow Bay, m'mphepete mwa nyanja ya Ullswater, imene Francis Coulson anatsegula kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndi imodzi mwa zoyambirira zotchuka. Kuno kwathu chitsanzo chooneka bwino ndi Huntingdon House pa esiteti ya tiyi ya Satemwa ku Thyolo, nyumba ya banja la Maclean Kay yomangidwa mu 1928, imene ili ndi zipinda zisanu zokha za alendo.

Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Thyolo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 700, choncho ambiri a ife tidzayang'ana konkuno kumpoto. Ku Livingstonia kuli Stone House, nyumba ya miyala yomangidwa mu 1903 imene Dr Robert Laws ankakhalamo. M'nkhalango ya Viphya muli Luwawa Forest Lodge pafupi ndi damu la Luwawa. Ndipo pamwamba pa Nyika pali Chelinda Lodge. Si malo onsewa amene anayamba ngati nyumba ya banja, koma kayendetsedwe kake n'kofanana: zipinda n'zochepa, msika uli kutali, khitchini ndi imodzi, ndipo wophika amaphikira anthu amene wauzidwa kuti akubwera. Zambiri zimene zimakhumudwitsa alendo kumalo oterewa zimachokera pa nkhani zimene zikanatha kukambidwa pa foni ulendo usanayambe, ndipo n'chifukwa chake malangizo awa achedwa kwambiri pa zokambirana kuposa pa zolongedza.

Choyamba, yang'anani galimoto ndi mwezi

Musanakopeke ndi zithunzi za pa Facebook, ganizirani galimoto imene muli nayo ndi mwezi umene mukufuna kuyenda. Ulendo wa ku Chelinda umadzera ku Rumphi ndi pa geti ya Thazima, ndipo kuchokera pa boma la Rumphi pali makilomita opitirira 100, ambiri mwa iwo a msewu wafumbi umene nthawi ya dzinja umafuna galimoto yokwera, yokoka ndi matayala onse anayi. Wopita ku Livingstonia kudzera ku Chitimba amakwera msewu wa Gorodi, wa makona akuthwa okwana 20, umene dalaivala wosauzolowera sayenera kuuyamba dzuwa litapendeka. Palinso njira ina yodzera ku Njakwa, ndipo eni malo ndi amene angakuuzeni kuti sabata imeneyo yodutsika bwino ndi iti. Ku Luwawa n'kosavuta poyerekeza ndi kwinaku, popeza gawo lalikulu la ulendo ndi tala wa M1 wodutsa ku Chikangawa, koma chigawo chomaliza n'chafumbi ndipo chimaterera mvula ikagwa. Ngati mulibe galimoto yanuyanu, funsani ngati malowo amadzatenga alendo pamsewu waukulu kapena mu Mzuzu momwemuno, ndiponso pa mtengo wanji, chifukwa minibasi imakusiyani pa mphambano, osati pakhomo.

Anthu a ku Mzuzu timadziona ngati ozolowera kuzizira, koma tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Chelinda ili pa mamita opitirira 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi udzu wa kumeneko umadzuka utayera mbuu ndi chisanu. Wofuna misewu youma ndi moto wa nkhuni madzulo asankhe pakati pa Meyi ndi Okutobala. Wokonda maluwa apite mu Januwale kapena Febuluwale, pamene maluwa a m'banja la chinaka, amene ku Nyika aliko mitundu yopitirira 200, amakhala ataphuka, koma adziwiretu kuti imeneyo ndi nyengo ya matope.

Kenako sungitsani malo, ndipo funsani mpaka mukhutire

Imbani foni kapena lembani uthenga pa WhatsApp kudakali milungu iwiri kapena itatu, ndipo ngati ndi nyengo ya Khirisimasi, Isitala kapena tchuthi cha pa 6 Julayi yambani kale kuposa pamenepo, popeza nyumba ya zipinda zisanu imatha kudzaza ndi banja limodzi. Nambala itengeni pa tsamba lenileni la malowo pa intaneti kapena kwa munthu amene anagonako, chifukwa pali akathyali amene amatsegula masamba onamizira malo ogona n'kumalandira dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Dzina limene latuluka pa foni yanu musanatsimikize zotumiza ndalama lifanane ndi limene a ku ofesi akuuzani.

Funso loyamba likhale lakuti mtengo watchulidwawo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda. Malo ambiri a mtundu umenewu amawerengera munthu aliyense pa usiku umodzi, moti bambo ndi mayi amene anamva mtengo n'kuganiza kuti ndi wa onse awiri amadzakumana ndi bilu yowirikiza pa tsiku lonyamuka. Funso lachiwiri ndi la chakudya. Akanena kuti bed and breakfast, mwalipira pogona ndi kadzutsa basi. Half board imaonjezerapo chakudya chamadzulo. Full board ndiye kuti kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero zonse zili momwemo, ngakhale zakumwa kawirikawiri zimalipiridwa padera. Maganizo anga ndi akuti kumalo kumene kulibe lesitilanti ina pafupi, kusankha bed and breakfast pofuna kupulumutsa ndalama n'kudzinamiza, chifukwa madzulo mudzadyabe pomwepo, ndipo nthawi zambiri kugula mbale imodziimodzi kumadula kuposa kuphatikiza zonse poyamba.

Malo ambiri okopa alendo amalemba mitengo yawo m'madola a ku America, koma amakhalanso ndi mtengo wotsikirapo wa nzika ndi anthu okhala m'dziko muno, umene nthawi zina sautchula mukapanda kufunsa. Pemphani kuti akulembereni m'makwacha, ndiponso kuti anene tsiku limene mtengowo udzasiye kugwira ntchito; amene akukumbukira kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kufunika kwake. Funsaninso ngati VAT ndi msonkho wa zokopa alendo zawerengeredwa kale, komanso kuti dipoziti imabwezedwa bwanji ulendo ukalephereka chifukwa cha maliro kapena matenda. Wopita ku Nyika akumbukire kuti ndalama yolowera m'paki, ya munthu ndi ya galimoto, ndi yapadera, ndipo Mmalawi amalipira yocheperapo akaonetsa chiphaso cha unzika.

Pomaliza nenani za pakamwa panu, ndipo apa musachite manyazi. Msilamu anene kuti akufuna nyama ya halal. Wa Seventh Day atchule nkhumba komanso nsomba zopanda mamba monga kampango. Wodwala shuga kapena wothamanga magazi anene za mchere ndi zotsekemera. Ndipo amene mwana wake amatupa akadya mtedza anene kawiri, polemba ndi pofika, popeza nsinjiro imalowa m'masamba mosaoneka. Galimoto ya malo oterewa imapita kukagula zinthu ku Mzuzu, ku Rumphi kapena ku Mzimba mwa apo ndi apo, ndipo chimene sichinagulidwe pa ulendo umenewo sichingapezeke usiku. N'chimodzimodzi ndi kupita kwa apongozi kumudzi: wotumiziratu uthenga amapeza nkhuku itagwidwa kale, pamene wongotulukira amadya zimene zapezeka. Uthenga wanu ungathe kukhala wotere: “Zikomo a manijala, tidzafika Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana, akuluakulu awiri ndi mwana mmodzi wa zaka 6, ndipo tidzanyamuka Lamlungu titadya kadzutsa. Amayi sadya nkhumba, ndipo tingakonde nsima Loweruka madzulo. Chonde titsimikizireni mtengo wonse m'makwacha.” Yankho lawo lisungeni mu foni, chifukwa ndi limene lidzathetse mkangano ukabuka.

Zolongedza ndi za panjira

Tengani juzi lochindikala, masokosi, nsapato zoyendera m'tchire ndi chovala chimodzi chooneka bwino cha madzulo. Onjezeranipo tochi, chotchajira foni, mankhwala anu onse ndi ndalama zogwirika m'manja, chifukwa makina olipirira ndi khadi amadalira netiweki, imene m'mapiri imabwera ndi kupita. Mwetsani galimoto mu Mzuzu mpaka thanki idzaze, onani mpweya wa tayala la sipeya ndi jeke, ndipo ngati mukupita ku Nyika musayembekezere kupeza malo omwetsera mafuta mukangodutsa Rumphi. Funsiranitu nthawi imene geti ya paki imatsekedwa. Musanalowe m'dera lopanda netiweki tumizani uthenga wonena pamene mwafika, kuti mukachedwa mopitirira muyeso eni malo adziwe koyambira kukufunani.

Mukafika

Malo ambiri amalandira alendo m'zipinda kuyambira cha m'ma 2 koloko masana, ndipo kufika kudakali kowala kumakupatsani mpata woona chipinda ndi kukonzetsa cholakwika antchito asanaweruke. Amene adzakulandireni pa geti ndi pakhonde nthawi zambiri ndi anthu a m'midzi yozungulira, olankhula Chitumbuka, ndipo moni wa “Monire adada” kapena “Monire amama” wotsatidwa ndi “Yewo chomene” umatsegula zitseko zambiri, ngakhale nkhani yonse yotsatira mutaikamba m'Chichewa. Woperekera zakudya ndi achimwene kapena achemwali, ndipo ngati ndi wachikulire ndi abambo kapena amayi. Kumuitana ndi likhweru kapena kugogoda tambula ndi supuni kumanyozetsa mlendo, osati wantchito.

Polandira kiyi funsani zinthu zitatu: nthawi ya magetsi, nthawi ya madzi otentha ndi nthawi ya chakudya. Malo ena alibe magetsi a ESCOM ndipo amadalira sola kapena jenereta imene imazimitsidwa usiku, choncho foni itchajeni magetsi akadalipo, ndipo simbi kapena chowumitsira tsitsi musalumikize musanapemphe chilolezo. Madzi osamba m'malo ambiri a m'nkhalango amatenthetsedwa ndi nkhuni. Mukazungulira kuseri kwa nyumba mudzaona mgolo wachitsulo wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, paipi ikulowera kukhoma, ndi bambo wina akusonkhezera moto chakumadzulo ndi m'bandakucha. Madzi amenewo amatentha kwambiri moto ukangoyaka, moti yambani kutsegula mpopi wa ozizira, makamaka posambitsa mwana, ndipo wofuna kusamba pa nthawi yachilendo auziretu wosonkha motoyo. Ngati m'chipinda muli malo osonkhapo moto, musiyeni wantchito ayatse yekha, ndipo musatseke mawindo onse kuti gwa moto ukuyaka. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona, popeza mpweya wake umapha munthu ali m'tulo popanda fungo lochenjeza. Mukalowa m'bulangete n'kugunda chinthu chofunda kumiyendo musadzidzimuke; ndi botolo la labala la madzi otentha limene amaikamo inu muli ku chakudya.

Chakudya chamadzulo

Apa ndi pamene nyumba zoterezi zimasiyana kwambiri ndi lesitilanti ya m'tauni. Kawirikawiri sipakhala menyu ya masamba ambiri. Pamakhala chakudya cha tsikulo, mwina ndi mwayi wosankha pakati pa ndiwo ziwiri, ndipo woperekera amabwera masana kudzafunsa chimene mwasankha kuti wophika ayambe nthawi yabwino. Imeneyo ndiyo nthawi yokumbutsa za nsima. Ophika ake ndi Amalawi anzathu amene amaphika nsima tsiku ndi tsiku, ndipo amakondwa akaifunsidwa, koma sangayambe kuthyakula pamene mbale za alendo ena zikutuluka. Ngati pali chambo, nenani ngati mukuchifuna chathunthu ndi mutu womwe kapena chochotsa minga, chifukwa mukangokhala chete amakubweretserani mnofu wokhawokha, zimene kwa munthu wokulira ku Nkhata Bay n'zosakwanira. Mukamva dzina la chakudya limene simukulidziwa funsani kuti muli chiyani, paja safunsa anadya phula.

Nthawi imene mwauzidwa, kawirikawiri cha m'ma 7 koloko, isungeni. Chakudya chimaphikidwa kuti chituluke pamodzi, antchito ena amayenda mtunda wautali mumdima pobwerera kwawo, ndipo khitchini ikatsekedwa palibe kwina kothawira. Suti ndi tayi sizifunika. Shati kapena diresi laukhondo ndi juzi n'zokwanira, koma kabudula wa masana ndi nsapato zamatope zitsale kuchipinda. Alendo amayamba kusonkhana pamoto m'chipinda chochezera, wina ndi Malawi Gin, wina ndi Carlsberg, wina ndi Sobo, ndipo chilichonse chimene mwamwa chimalembedwa pa dzina la chipinda chanu. Kumalo ena alendo onse amadyera pa tebulo limodzi lalitali pamodzi ndi mwini nyumba. Ngati mwabwera kudzakumbukira tsiku la ukwati wanu ndipo mukufuna kukhala awiriwiri, nenani masana, ndipo adzakuikirani tebulo lanu pambali. Ana aang'ono ndi bwino kuwapemphera chakudya chawo mofulumirirapo, chifukwa mgonero wa akuluakulu umatenga nthawi yaitali.

Chakudyacho chimabwera m'magawo atatu: supu wa maungu kapena wa bowa ndi buledi wophikidwa pomwepo, kenako ndiwo ya nsomba, nkhuku kapena nyama ya ng'ombe ndi mbatatesi kapena mpunga wa Kilombero, pomaliza zotsekemera. Mbale yoyamba ikaoneka yaing'ono musade nkhawa n'kudzaza mimba ndi buledi, popeza zina zikubwera. Patsogolo panu mudzapeza mafoloko kumanzere, mipeni ndi supuni ya supu kumanja, ndipo lamulo lake ndi limodzi: yambani ndi zimene zili kunja kwenikweni, n'kumasendera ku mbale gawo lililonse likabwera. Kambale ka buledi ndi ka kumanzere kwanu, matambula ndi a kumanja, ndipo supuni ndi kafoloko zogonekedwa kumutu kwa mbale n'za zotsekemera. Kansalu kopindidwa bwino kaja katambasuleni pamiyendo. Mukamaliza ikani mpeni ndi foloko pamodzi pakati pa mbale, chifukwa mukazisiya motalikirana woperekera amaganiza kuti mukadadya ndipo sachotsa. Zonsezi sizikhudza nsima. Nsima ikabwera pemphani madzi osamba m'manja ndipo idyeni ndi manja monga mwa nthawi zonse. Sindinaonepo chifukwa chomveka choti Mmalawi aidule ndi mpeni pofuna kusangalatsa tebulo loyandikana nalo.

Nyama ya ng'ombe yootcha adzakufunsani kuti ipse motani. Ambiri a ife timaikonda yopsa bwino, yopanda magazi, ndipo n'kofunika kunena momveka, popeza ophika ozolowera alendo akunja amaisiya yofiirira m'kati. Mukaitanitsa botolo la vinyo, woperekera amathira pang'ono m'tambula ya amene waitanitsayo kuti alawe. Cholinga chake n'kuona ngati vinyoyo sanawonongeke, osati ngati wakukomerani, choncho funsani mtengo ndi mtundu wake botolo lisanatsegulidwe. Wobwera ndi botolo lake kuchokera ku Mzuzu afunse kaye, chifukwa malo ambiri amalipiritsa ndalama yotsegulira, ndipo ena salola n'komwe. Mukatha kudya mumabwerera pamoto kukamwa khofi wa ku Mzuzu kapena tiyi. Amene khofi amamusowetsa tulo apemphe tiyi wa mandimu. Makoma a nyumba zakale ndi ochindikala koma zitseko zake zimadutsa mawu, motero nyimbo za pa foni ndi kuseka kwa pakhonde zithe ena akapita kukagona.

M'mawa ndi masana

Kadzutsa amakhala wa zipatso, phala kapena zothira mkaka, kenako mazira amene amaphikidwa mukakhala pansi, ndipo adzakufunsani ngati mukufuna okazinga, owiritsa kapena ovundula. Ngati mukufuna kulawirira kukaona mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125, kapena kukafuna mbidzi, ntchefu ndi chilembwe pa Nyika, nenani usiku kuti akulongedzereni kamba. Poyenda m'nkhalango tengani wokutsogolerani wa pamalopo, ndipo m'chilimwe musasute fodya kapena kusonkha moto pakati pa mitengo ya paini, popeza moto wolusa wawononga kale mbali yaikulu ya nkhalango ya Chikangawa. Malo ambiri amapereka tiyi ndi keke cha m'ma 4 koloko. Funsani ngati zili m'mtengo umene munalipira.

Dandaulo, bilu ndi kunyamuka

Chikalakwika china, kaya madzi sakutentha kapena ndiwo yabwera yozizira, uzani manijala nthawi yomweyo, pambali ndiponso mwaulemu. Kusunga mkwiyo mpaka kukaulemba pa intaneti mutafika kunyumba sikutenthetsa madzi amene munasamba, ndipo kukalipira woperekera pamaso pa alendo ena n'kulanga munthu amene sanaphike.

Bilu ipempheni usiku wotsiriza, osati m'mawa galimoto italira kale. Ifananitseni ndi uthenga uja munasunga mu foni, werengani zakumwa chimodzichimodzi, ndipo landirani lisiti, makamaka ngati ulendowo ukulipiridwa ndi kuntchito. Kangachepe kothokoza antchito sikokakamiza, koma n'koyenera. Malo ambiri amakhala ndi bokosi pa ofesi limene ndalama zake zimagawidwa kwa onse, ndipo ndimaona kuti njira imeneyi ndi yachilungamo kuposa kupatsa woperekera yekha, chifukwa wosonkha moto wa madzi, wochapa zofunda, wolima dimba la ndiwo zamasamba ndi mlonda wa usiku samaoneka pa tebulo. Ngati wina anakuthandizani mwapadera, monga kukankha galimoto m'matope, mupatseni yakeyake m'manja.

Chipinda chimafunika kutulukamo cha m'ma 10 koloko m'mawa kuti chikonzedwere ena, ndipo wofuna kuchedwerapo apemphe dzulo lake. Yang'anani pansi pa bedi ndi pa soketi musanabweze kiyi, popeza chotchajira choiwalika ku Chelinda chimatenga nthawi kuti chipeze galimoto yotsikira ku Mzuzu. Ngati mukubwerera kudzera ku Chikangawa m'miyezi yozizira, nyamukani nkhomaliro isanakwane kapena mukangotha kudya, kuti mudutse m'nkhalangomo kusanade, chifukwa nkhungu ikatsika pamsewu umenewo mathiraki onyamula matabwa amaoneka mutawayandikira kale.